Nyumba zikukwera mtengo ku Kasungu, koma malowo ndi a yani?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa mwezi wa Epulo, msika wa nyumba ndi mapoloti m'tauni ya Kasungu umadzukanso. Mlimi amene wagulitsa bwino safuna kugoneka ndalama ku banki, chifukwa adaona kwacha ikutsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa iye, njerwa ndi malata ndiyo nkhokwe yosafumbwa.

Si alimi okha omwe akugula. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 58,000 m'tauniyi, pomwe mu 2008 adali pafupifupi 40,000. Aphunzitsi, anamwino ndi amalonda akufuna pokhala. Palinso ogwira ntchito ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, omwe mitengo ya mumzindawu yawakanika. Iwowa amamanga ku Kasungu, banja n'kukhala komweko, eni ake n'kumabwera Lachisanu madzulo. Madera ngati Chankhanga ndi Chitete akudzaza, ndipo tauni ikusefukira m'midzi ya mafumu ndi m'minda yozungulira.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Wogula amayang'ana khoma, denga ndi mpopi wa madzi, koma mtengo weniweni wa nyumba uli pa dothi lomwe yakhalapo, ndipo dothi la Kasungu lili ndi mbiri yovuta.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidasandutsa malo ambiri a midzi kukhala maesiteti a fodya. Ambiri mwa malowa adaperekedwa pa lizi ya ulimi ya zaka 21. Lizi yotere ikatha osaikonzanso, kapena mwini wake akamwalira ana osasintha dzina, amene akudula mapoloti lero akhoza kukhala akugulitsa chinthu chomwe si chake. Ngakhale lizi ikhale yamoyo, malo olima sasanduka okhalapo anthu popanda chilolezo cha boma. Zimenezi dobadoba sazitchula. Chake ndi kagawo ka pamwamba basi.

Malo a m'midzi nawo ali ndi msampha wake. Pa mwambo wa Achewa, munda ndi wa mbumba, ndipo mwinimbumba ndiye amauyang'anira. Mkamwini kapena mwana mmodzi akagulitsa mwamseri, abale amatulukira nyumba itafika kale pa lintala. Kalata yodindidwa ndi nyakwawa imasonyeza kuti ndalama zidaperekedwa pamaso pa mboni, koma banki siilandira ngati chikole cha ngongole, ndipo siiletsa kuti poloti yomweyo igulitsidwe kawiri.

Malamulo a malo a 2016 adayesa kutseka mpata umenewu. Adakhazikitsa makomiti a malo m'midzi ndi njira yoti banja lilembetse malo a makolo ndi kulandira chikalata. Kasungu idali limodzi mwa maboma oyamba kuyesera ntchitoyi, pamodzi ndi Phalombe ndi Rumphi. Mu 2022 aphungu adawonjezera zina, kuphatikizapo kuletsa kugulitsa malo a lizi osatukulidwa. Cholinga ndi chabwino, koma omanga akuthamanga kuposa oyeza malo, ndipo njira ya boma ikatalika anthu amadutsa chidule.

Wogula wanzeru ayambe wafunsa ku khonsolo ya tauni ngati polotiyo ili pa pulani, komanso ngati mwini wake alibe ngongole ya misonkho. Ngati ndi malo a lizi, dzina la wogulitsa lifufuzidwe m'kaundula wa unduna wa za malo, ndipo kusintha umwini kumafuna chilolezo cha undunawo ndi chikalata cha MRA chotsimikiza kuti misonkho idalipidwa. Zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri zimafuna ulendo wa ku Lilongwe, n'chifukwa chake ambiri amazizemba.

Wogulitsa nayenso amaluza. Nyumba yopanda mapepala imagulidwa ndi yekhayo amene ali ndi ndalama m'manja, ndipo otere amachuluka pakati pa Epulo ndi Ogasiti. Amene wapanikizika mu Januwale, njala ndi fizi zitakumana, amalandira mtengo womwe wogula wanena.