KUTHIRA MAFUTA SIKUKONZA GALIMOTO

Misika ya mbeu ikatha caka ciri conse, m'midzi yozungulira Chipata mumafika magalimoto acilendo. Mlimi wagulitsa fodya, thonje kapena nshawa zace, ndipo wabwera ndi Corolla, Hilux kapena Canter imene inayamba yatumikira eni ena zaka zambiri ku Japan ndi ku Lusaka. Palibe colakwa pamenepo. Galimoto yotere ndiyo imanyamula feteleza kupita naye ku Chiparamba, ndiyonso imathamangira ndi mai wodwala usiku ku cipatala ca Mwami. Koma walira mvula walira matope. Codetsa nkhawa ndi cizolowezi cimene cakula pakati pa eni magalimotowa, cakuti mafuta akacepa angothiramo ena, osafunsa kumene apita oyambawo.

Mafuta a mabuleki sapsa monga petulo. Amakhala m'mipope yotsekeka, ndipo nchito yace ndi kutenga mphamvu ya phazi la dalaivala ndi kuifikitsa ku mawilo onse. Mapadi akamatha, mafutawo amatsika pang'ono cabe m'kabotolo kace pa miyezi yambiri. Tsono ngati kabotoloko kafuna kudzazidwa sabata iri yonse, ndiye kuti pena pace pabooka, ndipo kuthiramo ena ndiko kubisa matenda.

Kawirikawiri galimoto yakale imayamba yacenjeza mabuleki asanafe. Dalaivala aponde buleki galimoto iri ciimire, nasunge phazi pomwepo kwa kanthawi. Ngati phazi limira pang'ono pang'ono kufikira pansi, malabala a m'masita silinda atha, kapena mpope ulikudontha. Ngati buleki iri yofewa, nilimba pokhapokha ataipopa kawiri kapena katatu, m'mipope mwalowa mphepo imene makanika ayenera kuicotsa. Kulira kwa citsulo pa citsulo kutanthauza kuti mapadi atheratu. Ndipo galimoto yokokera mbali imodzi poima isonyeza kuti wilo limodzi ligwira pamene linzace silikugwira.

Pamenepa ndi pamene kudontha kwa oilo kukumana ndi bvuto la mabuleki, cinthu cimene ambiri sacidziwa. Pa magalimoto a katundu monga Hilux ndi Canter, labala lotsekereza oilo kumapeto kwa ekiselo ya kumbuyo likatha, oilo wa m'difu amatsikira m'dilamu nanyowetsa mashuzi a buleki. Nthawi zina cimayambitsa ndi matope a m'dzinja, amene amatseka kabowo kopumira ka pamwamba pa ekiselo, kotero kuti oilo akatentha afuna potulukira. Mashuzi onyowa oilo sagwira. Kuwatsuka ndi petulo sikuthandiza kweni kweni, pakuti oilo walowerera m'kati. Ayenera kusinthidwa pamodzi ndi labalalo.

Kupeza podontha sikulira ngwee. Mwini ayale katoni pansi pa galimoto madzulo, ndipo m'mawa aone mtundu wa madontho ndi malo ace. Akuda ndi a injini, ndipo amakonda kucokera pa gasiketi ya civundikiro ca pamwamba, pa fyuluta kapena pa bauti ya sampu. Olimba ndi onunkha moipa ndi a giyabokosi kapena difu. Ofiira ndi a giyabokosi ya otomatiki kapena a ciwongolero. Koma akakhala oyera kapena acikasu pang'ono, oterera m'zala, napezeka kuseri kwa wilo, amenewo ndi a mabuleki. Injini yodontha pang'ono ingathe kuyenda kufikira ku garaji, malinga mwini apima oilo asananyamuke. Galimoto yodontha mafuta a mabuleki isacoke pakhomo. Makanika ndiye aitsate.

Pali macitidwe ena a kumudzi amene ayenera kutheratu. Ena akasowa mafuta a mabuleki amathira madzi a sopo, mafuta ophikira kapena oilo wa injini. Oilo amatupitsa malabala onse a m'mabuleki, ndipo ndalama zowasinthira ziposa kutali mtengo wa botolo limodzi la mafuta oyenera. Ena amapinda mpope wodontha kapena kuutseka ndi msomali, nayenda ndi mabuleki a mawilo atatu, anthu ndi matumba a cimanga ali pamwamba. Uku sikucenjera ai.

Madzi ndiwo oopsa koposa. Mafuta a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira kufikira kutentha kutapitirira madigiri 205, koma amakoka cinyontho ca mumlengalenga, ndipo akakalamba angathe kuwira pa madigiri 140 cabe. Ndico cifukwa cace opanga magalimoto ambiri alangiza kuwasintha pa zaka ziwiri ziri zonse. Pa mseu wosalala wa ku Katete kusiyana kumeneku sikuoneka. Kumaoneka pa mitsetse yaitali ya mseu waukulu wa ku Lusaka, pakati pa Nyimba, Kacholola ndi mlatho wa Luangwa, pamene mabuleki atentha, mafuta nawira, phazi nkungolowa pansi popanda kanthu. Pa malo otero dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 11 caka ca 2002, limapima magalimoto ndi kupereka cikalata ca fitinesi. Cikalataco cinena za m'mene galimoto inaliri pa tsiku lopimidwa, osati pambuyo pa miyezi isanu ndi umodzi ya mabampu a ku Chadiza ndi Vubwi. Masiku otsalawo ali m'manja mwa mwini ndi dalaivala wace. Naonso okwera ali ndi mau: munthu amene aona dalaivala alikupopa buleki katatu asanaime pa siteshoni ya Kapata, ali ndi ufulu wotsika ndi katundu wace ndi kuyembekeza galimoto yina.