Vidiyo ikacita gilini, osathamangila kugula sikilini

Anzathu, ndalama zathu zikuthela pa matenda amene foni ilibe. Vidiyo ya cikwati kapena ya kicheni pati ikayamba kuonetsa tumabokosi twa gilini, timathamangila kwa okonza mafoni. Ena amatiuza zoona. Koma ena amangoyang'ana foni kamodzi n'kukamba kuti, "Bosi, apa ni sikilini." Talipila, asintha, tafika kunyumba, gilini ikalipo. Ife tikuti zimenezi zithe, ndipo zidzatha tikadziwa kumene gilini imacokela.

Mu vidiyo, kadontho kalikonse ka cithunzi kamasungidwa ndi manambala atatu. Imodzi ni ya kuwala, ziwili ni za mtundu. Manambala a mtundu akakhala pa 128, cithunzi cimakhala cakuda, cotuwa kapena coyela. Mbali ina ya fayilo ikasowa, pulogilamu yoonetsa vidiyo nthawi zambili imasiyapo maziro, ndipo maziro atatuwo akasandutsidwa mtundu amatulutsa gilini. Conco gilini imeneyo ikutiuza cabe kuti pamalopo sipanafike kanthu.

Cinanso, vidiyo ya H.264, imene mafoni ambili amajambula, sisunga cithunzi ciliconse cathunthu. Imasunga cimodzi cathunthu, kenako zosintha cabe. Cathunthuco cikawonongeka, zotsatila zonse zimapakika gilini mpaka cina cathunthu cifike. N'cifukwa cake vidiyo imadwala masekondi angapo n'kucila yokha. Kodi sikilini yakufa ingacile yokha?

Fayilo imawonongeka bandulo ikatha pakati pa kudawunilodi, malaiti akapita tikukopa, kapena tikazula fulashi isanamalize. Koma mdani wamkulu ni memole khadi yabodza. Pamwamba alembapo 64GB, mkati malo ni ocepa, ndipo ikadzala imayamba kutaya zinthu mwakacetecete. Pulogilamu yaulele ya H2testw pa Windows imaulula kukula kwenikweni kwa khadi. Iyeseni musanaikepo cikwati ca munthu.

Manje musanatulutse ngwee, citani izi. Tumizani vidiyoyo ku foni ya mnzanu ndi kebo, kapena pa WhatsApp monga document kuti isapanikizidwe. Gilini ikaonekanso kumeneko, vuto ni fayilo: dawunilodaninso kapena pemphani kope loyambilila. Ikaoneka bwino, vuto lili kwanu, koma sikilini ikalibe mlandu. Itseguleni ndi VLC. Pa kompyuta, zimitsani hardware acceleration mu Chrome ndipo ikani driver yatsopano ya graphics. Kumbukilani kuti kuyambila mu 2017 ma iPhone amajambula mu HEVC, imene mafoni ndi makompyuta ena akale amalephela kumasulila. Ngati ni pa TV, sinthani kebo ya HDMI coyamba.

Sikilini imafa ndithu, sitikukana. Mzele wa gilini woimilila kucokela pamwamba mpaka pansi, umene sucoka kaya muli pa Facebook kapena pa mameseji, ni wokayikitsa. Jambulani screenshot, muione pa foni ina. Mzele ukapanda kuonekamo, apo ni sikilini zoona. Ngakhale apo, funsani za walanti musanalipile. Mu 2023, ogula ku India atadandaula kwambili za mzele umenewu, kampani ya OnePlus inalonjeza kusintha masikilini otele kwaulele. Iwo anacita phokoso. Ife timangoti ni tsoka, ndipo ambili timagula foni popanda kutenga lisiti.

Wina adzati okonza mafoni nawonso ali ndi ana ofunika nsima. Zoona, ndipo tiyenela kuwalipila pa nchito yofufuza vuto. Cimene tikukana ni kugulitsidwa sikilini pamene wodwala ni fayilo. Wokonza wabwino saopa kuyesa vidiyo pa foni ina inu mukuona. Amene akukana, tengani foni yanu mupite.

Nanunso ojambula zikwati ndi malilo, mlandu wina ni wanu. Gulani makhadi enieni, sungani makope awili pamalo osiyana, ndipo musafafanize loyambilila mwini wake asanaone vidiyo yonse mpaka kumapeto. Foni tingagule ina. Koma ambuya ovina pa cikwati ca mdzukulu wawo, gilini ikawaphimba, palibe sikilini imene idzawabweza.