Difu ikayamba kulira, katundu ayembekeze

Pa maphokoso onse a motoka ya katundu, pali limodzi limene ife a kuno ku Railways tinazolowera kulinyalanyaza: kulira kwa difu. Kumachokera kumbuyo, pansi pa bodi, ngati mluzu wa patali, ndipo kumakula motoka ikamathamanga. Dalaivala amakumva, lole boyi amakumva, ngakhale amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amakumva. Koma mukauza mwini motoka, yankho limakhala limodzi: "Pitani chabe, tidzaona mukabwera." Ife tikuti yankho limeneli lithe. Motoka ya difu yolira isanyamuke ulendo wa ku Chipata kapena wa ku Nakonde isanatsegulidwe kuno ku Kabwe.

Ambiri timaidziwa difu ndi maso chabe, chimphika chachitsulo chija chili pakati pa mawilo a kumbuyo. M'kati mwake muli giya laling'ono, pinion, lotembenuzidwa ndi shafti yochokera ku giyabokosi. Pinion imaluma giya lalikulu, crown wheel, ndipo mphamvu imakhota n'kupita ku mawilo. Pakati pali timagiya tina tolola kuti pokhota, wilo la kunja lizungulire mofulumira kuposa la m'kati. Pa Canter kapena Dyna, pinion imazungulira ka 5 kapena ka 6 kuti wilo lizungulire kamodzi, ndipo tayala la saizi 16 limazungulira pafupifupi ka 400 pa kilomita imodzi. Kuchokera ku Kabwe kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 700. Werengani nokha: kagiya kaja kamazungulira kupitirira miliyoni imodzi, katasenza matumba onse a feteleza amene munapakira. Kubwerera n'chimodzimodzi. Bering'i yakutha imene imapirira maulendo a ku New Market siingapirire zimenezo.

Ndipo msewu wake suli ngati wa kuno kwathu kosalala. Mukadutsa Lusaka ndi Chongwe, kutsogolo kuli Manenekera, kuli chitsikiro cha ku mlatho wa Luangwa ndi chitunda cha ku Kacholola. Pokwera, mano a magiya amakanikizana mbali imodzi. Potsika pa giya, amakanikizana mbali inayo. Mafuta amatentha n'kupyapyala. Wa ku Nakonde nawo ndi wopitirira makilomita 800, ndipo mukapita Kapiri Mposhi matauni amatalikirana: Serenje, Mpika, Isoka. Difu ikagwira pakati pa amenewa, crown wheel ya motoka yanu simudzaipeza pansi pa mtengo. Wina ayenera kukwera basi kukaifuna ku Lusaka kapena ku Copperbelt.

Apa mpamene nkhaniyi imatikhudza ife achinyamata. Mwini motoka amagona kunyumba kwake, akuimba foni. Amene amatsala pa msewu ndi lole boyi, mnyamata wa msinkhu wa ang'ono athu, masiku atatu kapena anayi, kugona pansi pa bodi kulondera katundu wa eni. Amathyola nthambi n'kuziyala pa tara chifukwa matrayango anasowa kale. Usiku motoka yakufa imene ili theka pa msewu ndi msampha kwa basi iliyonse yobwera kumbuyo. Ndipo katundu akachedwa kapena akabedwa, amene amadulidwa malipiro ndi dalaivala yemwe uja ananena poyamba kuti difu ikulira.

Ena amati, "Nanga si motoka ili ndi fitinesi ya RTSA?" Pepala lija ndi lofunika, koma woyesa amaona mabuleki, magetsi, matayala ndi chiwongolero. Satsegula difu kuti aone mano. Ntchito imeneyo ndi yathu, ndipo chiyambi chake sichifuna ndalama zambiri. Masulani nati ya pansi, mafuta atsikire m'beseni loyera. Pa motoka zambiri nati imeneyi ili ndi maginito. Kafumbi kosalala kachitsulo si nkhani, koma mukapeza tizidutswa tomveka pa chala, china chake chikudyeka. Mafuta ooneka ngati tiyi wa mkaka ndiye kuti munalowa madzi, kawirikawiri kudzera pa kapaipi kopumira kali pamwamba, makamaka motoka ikamaoloka zithaphwi m'dzinja. Kapaipi komweko kakatsekeka ndi matope, mpweya wotentha umakankha mafuta kutulukira pa masili, ena n'kukafika pa mabuleki. Gwirani shafti pamene ilumikizana ndi difu, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Siiyenera kugwedera.

Kulira nakonso kumanena kumene kuli vuto. Kukamveka mukaponda mafuta n'kuleka mukachotsa phazi, kapena mosemphanitsa, kaikirani mano ndi kakhalidwe ka pinion. Kukakhala kugudumuka kosaleka, kaikirani mabering'i. Kugogoda pokhota ndi timagiya ta pakati tija, ndipo tiziyang'ananso matayala: kuika lalikulu mbali ina ndi laling'ono mbali ina kumatigwiritsa ntchito ulendo wonse, ngakhale pa msewu woongoka.

Chimene timakana kwambiri ndi mankhwala obisa matenda. Kuthira girizi m'difu, kusakaniza mafuta a injini otha ntchito, ngakhale utuchi umene ena amaika pofuna kugulitsa motoka, zonsezi zimangotseka pakamwa wodwala. Difu imafuna mafuta a magiya a GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-140, malinga ndi buku la motokayo. Ndipo ngati yatsegulidwa, aitsegule makanika wodziwa. Crown wheel ndi pinion zimabwera ziwiriziwiri kuchokera ku fakitale, sizisinthidwa imodziimodzi. Mpata wa pakati pa mano ake sufika ngakhale theka la milimita, ndipo umayesedwa ndi geji, osati ndi khutu. Makanika weniweni amapaka utoto pa mano, n'kuzunguza, kuti aone pamene akukhudzana. Amene akukuuzani kuti amaliza zonsezi m'mphindi 30 katundu ali kale pa bodi, muthokozeni, mupite kwina.

Tikudziwa kuti eni motoka nawo si onse olemera. Ambiri ali ndi Canter imodzi yogula yakale kuchokera ku Japan, ngongole ili pakhosi, dizilo yakwera, pa Katuba kapena pa Manyumbi pali toll yolipira, ndipo katundu mukamukana lero mawa wanyamulidwa ndi wina. Zimenezo ndi zoona. Sitikunena kuti kaphokoso kalikonse kagulitse crown wheel yatsopano. Nthawi zambiri vuto likagwidwa msanga limathera pa bering'i, sili ndi mafuta. Difu ya salaula nayo ilibe mlandu, malinga muwerenge mano a magiya onse awiri kuti afanane ndi a yakale, apo ayi motoka idzalephera chitunda kapena idzamwa dizilo ngati yabooka. Koma kuwerengera kwa "tidzaona mukabwera" kumaiwala mtengo wa motoka yokoka, wa makanika woyenda naye ulendo, ndi wa kasitomala amene sadzakuimbiraninso.

Chodabwitsa n'chakuti mwambo woyang'ana chitsulo chisananyamuke si wachilendo m'dera lino. Njanji inafika kuno mu 1906, tauni ikutchedwa Broken Hill, ndipo mpaka lero likulu la Zambia Railways lili ku Kabwe. Nyumba zambiri za ku Railways zinamangidwira anthu a njanji, ndipo pa njanji sitima siichoka pa yadi mabogi asanayenderedwe limodzi ndi limodzi, mawilo ndi mabuleki omwe. Madala amene anagwira ntchito imeneyo tikali kukhala nawo m'mipanda yomweyi. Katundu wambiri anachoka pa njanji n'kupita pa msewu, moti mu 2018 boma linachita kuika lamulo lakuti 30 peresenti ya katundu wolemera azipita pa sitima. Katundu anasamuka, koma mwambo woyendera uja tinausiya ku yadi.

Manje kwa inu madalaivala ndi malole boyi anzathu: nenani za difu pa tsiku lopangana ulendo, osati m'mawa wonyamuka. Jambulani kulirako pa foni, jambulaninso nati ya maginito ija ndi zimene yagwira, mutumizire abwana pa WhatsApp kuti pakhale umboni wa tsiku ndi nthawi. Akakonza, yendani nayo kaye yopanda katundu mpaka ku Mulungushi ndi kubwerera, muike dzanja pafupi ndi chimphika chija kumva kutentha kwake, muyang'anenso pansi ngati padontha. Mukatero mupakire.