Chiphaso cha Mwana wa Sukulu Chisasanduke Mkondo pa Mkangano wa Maboma

Pa 28 May 2025, nduna ya za maiko akunja m'Boma la America, a Marco Rubio, inalengeza kuti Boma lidzayamba kulanda maviza kwa ophunzira ochokera ku China amene ali paubale ndi chipani cholamula dzikolo, kapena amene achita maphunziro amene Boma liwayesa ofunika pa chitetezo. Patangopita miyezi itatu, m'mwezi wa August, Pulezidenti Donald Trump ananena kuti dziko lake lidzalandira ophunzira 600,000 a ku China. Mawu awiriwa anatuluka m'Boma limodzi ndi m'chaka chimodzi. Tsono mnyamata kapena mtsikana amene makolo ake anataya chuma chawo chonse kuti iye akaphunzire, akhulupirire ati?

Boma lili lonse lili ndi mphamvu yosankha amene alowe m'dziko lake, ndipo palibe munthu wanzeru angakane zimenezi. Koma wophunzira ayenera kuweruzidwa chifukwa cha ntchito za iye mwini, potsata lamulo lolembedwa, lodziwika asanakwere ndege, ndi losasinthika maphunziro ake ali pakati.

Kuti nkhaniyi imveke, kuyenera kufotokoza kachitidwe ka mapepala ake. Wophunzira wa ku China wopita ku America ayenera kukhala ndi pasipoti ya Boma la kwawo, kalata ya sukulu yomlandira yotchedwa I-20, ndi viza ya mtundu wa F-1 imene aidinda ku ofesi ya kazembe wa America. Viza ndiyo mfungulo wa pakhomo chabe. Ikatha mphamvu mwini wake ali m'kati mwa dziko, aloledwa kupitiriza maphunziro malinga ngati mapepala ake a sukulu ali olongosoka. Koma akangotuluka, sangabwerere popanda viza yatsopano, ndipo yatsopanoyo aipempha kunja kwa America basi.

Apa ndipo pagona vuto. Mu November 2014, Pulezidenti Barack Obama ndi Pulezidenti Xi Jinping anapangana kuti viza ya wophunzira izikhala ya zaka zofika 5. Mu June 2018 Boma la America linafupikitsa nthawiyo kukhala chaka chimodzi kwa ena ochita maphunziro apamwamba a za ndege, a makina odziyendetsa okha ndi ena otere. Chikhalirecho digiri ya udokotala wa maphunziro itenga zaka zisanu kapena kupitirira. Munthu wa viza ya chaka chimodzi akamva kuti bambo wake wamwalira ku Chengdu kapena ku Wuhan, asankha pakati pa maliro ndi sukulu. Pakuti akapita, adzapemphanso viza, ndipo pempho lake lingathe kugonekedwa milungu kapena miyezi pamene akulifufuza. Ambiri akhala zaka osaona kwawo, ngakhale kuti palibe lamulo lowaletsa kupita.

Pa 29 May 2020 panatulukanso chilengezo cha Pulezidenti cha nambala 10043, choletsa ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu amene anakhudzanapo ndi masukulu kapena mabungwe othandiza ankhondo a China. Pofika September chaka chomwecho, maviza opitirira 1,000 anali atalandidwa. Boma la Pulezidenti Joe Biden silinachotse chilengezocho. Chodandaulitsa chake nchakuti mndandanda wa masukulu okhudzidwa sunasindikizidwe, kotero kuti munthu akanatha kukanidwa chifukwa cha sukulu imene analowa ali mwana wa zaka 18, osadziwa kuti tsiku lina idzakhala mlandu wake.

Boma la China nalonso lili ndi mbali yake. Kumapeto kwa March 2020, pofuna kutchinga mliri wa Covid-19, linalamula kuti kampani ili yonse ya ndege iziuluka kamodzi kokha pa mlungu pa njira imodzi. Mitengo ya matikiti inakwera kotheratu, ndipo ana a dzikolo anasowa pothawira pamene masukulu awo kunja anatsekedwa. Lamulo lobindikiritsa ofika kumene linatha pa 8 January 2023. Palinso nkhani ya ana obadwira kunja. Lamulo la China la 1980 silivomereza unzika wa maiko awiri. Mwana wobadwira ku America kwa makolo ophunzira amene sanakhazikike kumeneko ayesedwa nzika ya America chifukwa cha kubadwa, nayesedwanso nzika ya China chifukwa cha makolo. Kazembe wa China sadinda viza m'pasipoti ya mwana wotere. Ampatsa kabuku kena koyendera, ka zaka ziwiri zokha, kamene makolo ayenera kukapemphanso kakatha.

Mbiri ionetsa kuti Boma loseweretsa mapepala a ophunzira lidzipweteka lokha. Mu 1872 Boma la mafumu a Qing linayamba kutumiza anyamata 120 ku America, potsata uphungu wa a Yung Wing, amene anatsiriza maphunziro pa Yale mu 1854. Pangano linali lakuti akhale zaka 15. Koma akuluakulu a kwawo anaona kuti anyamatawo ataya mwambo, nakwiyanso pamene America inakana kuwalandira m'masukulu ake a zausilikali. Mu 1881 onse anaitanidwa kuti abwerere, ndipo awiri okha ndiwo anali atalandira digiri. Mmodzi wa awiriwo, a Zhan Tianyou, ndiye anamanga njanje ya m'mapiri yochokera ku Beijing kufika ku Zhangjiakou, imene inatha mu 1909. Ngati mmodzi wotsiriza anachita zotere, dziko linataya zotani mwa amene anazulidwa asanakhwime?

America inalakwa molinganako mu 1950. A Qian Xuesen anafika m'dzikolo mu 1935, naphunzira pa MIT ndi pa Caltech, nakhala mmodzi wa akatswiri oyamba a maroketi. Powaganizira kuti ndi a chipani cha Chikomyunizimu, Boma linawalanda chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi, linawatsekera masabata awiri, ndipo kwa zaka zisanu linawakaniza kutuluka m'dziko. Ophunzira ena a sayansi a ku China analetsedwanso kubwerera kwawo m'zaka zimenezo. Nkhaniyi inafika pa zokambirana za akazembe a maiko awiriwa ku Geneva mu 1955, ndipo mu September chaka chomwecho a Qian anakwera sitima ya pamadzi. Atafika kwawo anatsogolera ntchito ya mizinga youluka, ndipo mu April 1970 China inaponya setilaiti yake yoyamba mlengalenga. A Dan Kimball, amene anakhalapo nduna ya ankhondo a pamadzi, anati kuchotsa munthuyu kunali kupusa kwakukulu kumene dziko lawo linachita. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Womuthamangitsa apereka kalumoko kwa mnzake.

Ena adzati: kodi palibe akazitape obisala m'malaya a mwana wa sukulu? Funsoli ndi loona, ndipo Boma losasamala zinsinsi zake silingakhale. Koma kusamala kuli ndi njira zake. Kuyambira 2007, dziko la Britain lifuna kuti mlendo wofuna maphunziro apamwamba a sayansi zina ayambe walandira chikalata chotchedwa ATAS asanapemphe viza. Njirayi nayonso ichedwetsa anthu, koma ubwino wake ngwakuti maphunziro okhudzidwa adziwika, ndipo kufufuza kuchitika munthu asanalongedze katundu. Wokanidwa akanidwa ali kwawo, ndalama zake zili m'thumba, ndipo angathe kufuna sukulu kwina.

Mawerengero aonetsa kale kumene mphepo ilowera. Malinga ndi bungwe la Institute of International Education, ophunzira a ku China m'America anali 372,532 m'chaka cha 2019/20, koma mu 2023/24 anatsika kufika 277,398, ndipo India inatenga malo oyamba ndi ophunzira 331,602. Zifukwa zake nzambiri: mliri, kukwera kwa ndalama za sukulu, ndi kukula kwa mayunivesite a ku China komweko. Koma kholo limene liona kuti viza ingalandidwe popanda kuuzidwa chifukwa liyamba kuyang'ana ku London, ku Singapore kapena ku Sydney.

Choyenera kuchitika sichovuta kuchinena. Choyamba, viza ikhale ya nthawi yofanana ndi maphunziro amene munthu walandiridwira, kuti athe kukaika maliro nabwerera. Chachiwiri, maphunziro ndi masukulu oletsedwa alembedwe poyera. Chachitatu, kufufuza kukhale ndi malire a masiku, ndipo wokanidwa auzidwe chifukwa, napatsidwe mpata wodziteteza. Chachinayi, wopezeka akuba zinsinsi azengedwe mlandu m'bwalo monga munthu mmodzi, anzake osalakwa asasenzetsedwe katundu wake. Boma la China nalo lisatsekerenso ana ake kunja pa tsiku la tsoka.

Aphunzitsi adziwa kuwawa kwa kuona mwana wanzeru akusiya sukulu pa chifukwa chimene si chake. Ogwira ntchito za Boma adziwa kuti chidindo chimodzi chingathe kumanga kapena kupasula zaka khumi za moyo wa munthu. Onsewa amvetsa mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Washington ndi Beijing angathe kukangana za misonkho ya malonda ndi za nyanja monga afunira. Koma wophunzira amene analowa pakhomo ndi mapepala oona, nasunga malamulo a eni dziko, aloledwe kutsiriza chimene anadzera, ndi kupita kwawo pamene kwawo kwamuitana.