Nsingo Sanavale Thumba la Unga

M'masewero a kusukulu ndi a m'makomboni mwathu muli cizolowezi coipa. Wosewera mbali ya mzungu wa boma amamusokera kabudula wa khaki, namupezera masokosi ofika m'maondo ndi cisoti. Koma wosewera Nsingo, mwana wa Mpezeni amene Angelezi anamuombera mu 1898, amangomukulunga thumba la unga, dzina la kampani likuwerengeka kumsana. Ana oonerera amaseka, nkubwerera kunyumba ataphunzira kuti makolo ao anali ovala nsanza.

Musandiuze za kusowa ndalama. Ya khaki ija inapezeka bwanji? Cosowa ndi khama. Caka ciliconse mu February, Angoni amavina pa Nc'wala ku Mtenguleni atavala zikopa, nthenga kumutu, cishango m'manja. Zithunzi zake zili pafoni yanu. Pitani nazo kwa telala ku Kamwala kukali mwezi wathunthu, mugule nsalu yamawanga ngati a kambuku, telalayo apime wosewerayo, ndipo mumulipire. Cishango pangani ndi katoni yolimba, muikute nsalu.

Izi zikakukanikani, musiyeni Nsingo apumule. Sewerani za makondakita a minibasi.