Gemu ya ku Chipata iyambe yagwira pa foni ya ku Kapata

Pa 26 Epulo 2016, kampani yaing'ono ya ku Toronto yotchedwa DrinkBox Studios inatulutsa gemu ya Severed. M'gemuyi muli mtsikana wa mkono umodzi, dzina lake Sasha, amene akusakasaka abale ake m'dziko la zilombo. Lupanga lake ndi chala cha wosewera. Ukakhwekhwereza chala pa sikirini kuchoka kumanzere kupita kumanja, lupanga limatema momwemo, ndipo chilombo chikatchinga mbali imodzi uyenera kupeza mbali ina yolowera.

Chodabwitsa ndi kumene eni ake anayamba kuigulitsira. Anasankha PlayStation Vita, kachipangizo ka m'manja ka kampani ya Sony, kamene panthawiyo kanali katayamba kale kuzilala. Vita inatuluka ku Japan mu Disembala 2011 ndipo siinafike pamene inafika mkulu wake PSP, imene inagulidwa ndi anthu oposa 70 miliyoni. Mu 2019 Sony inaleka kuipanga. Komabe anthu ochepa amene anali nayo ankaikonda kwambiri, ndipo ankagula magemu a timakampani tating'ono chifukwa makampani akuluakulu anali atawataya. DrinkBox inagulitsa kwa iwowo, koma siinagone pomwepo. Chaka chomwecho Severed inafika pa iPhone ndi iPad, kenako pa Nintendo 3DS ndi Wii U, ndipo mu 2017 inalowa pa Nintendo Switch n'kulandiranso mphoto ya Apple Design Award. Inatha kusamuka chonchi chifukwa inamangidwa pa chala, ndipo zipangizo zonsezi zimamva chala.

Nkhaniyi ikukhudza Chipata. Mumzinda muno muli achinyamata amene anaphunzira kompyuta kusukulu, ena akupitiriza okha usiku ndi mavidiyo a pa YouTube, ndipo pakati pawo sipalephera kukhala ofuna kupanga gemu yawoyawo. Zida zopangira zilipo zaulere, monga pulogalamu ya Godot, imene imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Funso limene limabwera gemu ikatha ndi lakuti aigulitsa kuti. Akafufuza pa intaneti amapeza malangizo a anthu a ku America ndi ku Ulaya, ndipo ena mwa malangizowo amati ndalama zili pa tizipangizo tapadera ta magemu, osati pa foni.

Malangizo amenewa si abodza, ndipo ndi bwino kuwamvetsa musanawakane. Kampani ya Panic ya ku Portland inayamba kutumiza Playdate kwa ogula mu Epulo 2022. Ndi kachipangizo kachikasu kokwana m'thumba la malaya, sikirini yake ndi yakuda ndi yoyera basi, ndipo m'mbali mwake muli kachogwirira kopukusa. Mtengo wake woyamba unali madola 179. Pofika 2024 anthu amene anakagula anali masauzande makumi angapo chabe, koma sitolo yake ya magemu yotchedwa Catalog, imene inatsegulidwa mu Marichi 2023, inagulitsa magemu oposa 150,000 m'chaka choyamba. Ambiri mwa magemuwo anapangidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri. Pa Google Play gemu yatsopano imamira pakati pa mapulogalamu mamiliyoni, pomwe pa Catalog imaonedwa ndi pafupifupi aliyense amene ali ndi kachipangizoko. Zili ngati kugulitsa nsawa pamsika waung'ono pamene aliyense wofika wagwira ndalama m'manja, kusiyana ndi msika waukulu pamene anthu amangolawa n'kumapita.

Ngakhale zili choncho, mnyamata kapena mtsikana wa ku Mchini kapena ku Nabvutika muno mu Chipata akayambira kumeneko ndiye kuti wayambira kolakwika. Playdate ilibe sikirini yomva chala, choncho gemu yopangidwira chala iyenera kuphwasulidwa n'kumangidwanso. Panic imapereka kwaulere zida zopangira magemu, kuphatikizapo pulogalamu yoyesera pa kompyuta, koma kupukusa chogwirira chenicheni sikungamveke pa mbewa ya laputopu. Steam Deck ya kampani ya Valve, imene inatuluka mu Febuluwale 2022 pa mtengo woyambira madola 399, ili nayo sikirini yomva chala, koma eni ake amaigwira ndi manja awiri n'kumasewera ndi mabatani. Valve nayo imapereka chizindikiro chake chapamwamba kwa magemu amene amayenda bwino ndi mabataniwo. Kuika gemu imodzi pa Steam, sitolo ya Valve, ndi madola 100, ndipo pa malonda a gemu yaing'ono kampaniyo imatengapo 30 peresenti.

Vuto lalikulu kuposa mitengoyi ndi lakuti wopangayo sadzamuona wosewera wake. Gemu imakoma chifukwa choyesedwa. Umampatsa mnzako, iwe n'kukhala chete pambali, n'kumaona pamene wasokonezeka, pamene waseka, pamene watopa n'kuika pansi. Ukabwerera kunyumba umakonza, mawa n'kumupatsanso. Munthu angayende kuchokera ku Down Shops mpaka ku malire a Mwami osakumana ndi wina wogwira Playdate. Koma foni ya itel, Tecno kapena Infinix ili m'thumba mwa wogulitsa salaula, woyendetsa njinga yonyamula anthu, mphunzitsi ndi mwana wa sukulu. Mafoni atatu onsewa amapangidwa ndi kampani imodzi, Transsion ya ku Shenzhen, imene inakula chifukwa chophunzira zimene wogula wa mu Africa amafuna: batire lokhalitsa, malo a masimu awiri ndi mtengo wofikirika. Wopanga magemu aphunzirepo kanthu pamenepa.

Foni imeneyi ili ndi malamulo ake, ndipo ndi okhwima. Malo osungira zinthu ndi ochepa, moti gemu yaikulu imafufutidwa tsiku limene mwini wake akufuna kujambula ukwati wa mlongo wake. Data ndi yodula, choncho gemu yofuna intaneti nthawi zonse siikhalitsa. Sikirini nthawi zambiri imakhala yong'aluka pakona, ndipo batani lobisika pakonapo silidzagwira. Nanga batire? Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo nyumba zambiri zinkakhala mumdima maola ambiri kuposa amene magetsi ankayaka. Munthu amene walipira kuti atchajitse foni pa shopu ya sola salola gemu imene imatentha foni n'kumaliza batire pa ola limodzi. Gemu yopirira zonsezi idzayenda pa chipangizo china chilichonse, pomwe yopangidwira Steam Deck ikafika pa itel imangouma.

Tsono gemu yake ikhale yotani? Apa wa ku Chipata ali ndi chuma chimene wa ku Toronto alibe. Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika kapena pafupi ndi siteshoni ya basi, amuna amazungulira nsolo. Maenje ali m'mizere inayi, iwiri ya uyu, iwiri ya uyo. Wosewera amatapa miyala m'dzenje limodzi, n'kumagwetsa umodziumodzi motsatana, dzanja likuthamanga kuposa maso a mlendo. Mwala womaliza ukagwera poyenera amadya ya mnzake, ndipo oonerera amafuula, wina kunyoza, wina kulangiza ngakhale sanapemphedwe. Masewera onsewa ndi a chala ndi dzenje. Safuna mabatani khumi. Anthu awiri angasewere pa foni imodzi itagonekedwa pa benchi, popanda intaneti.

N'zoona kuti pa Google Play pali kale magemu a mtundu umenewu, ena a bao ya ku Zanzibar, ena a oware ya ku Ghana. Koma malamulo a nsolo amasiyana ndi amenewo, ndipo amasiyananso mudzi ndi mudzi. Gemu yolola wosewera kusankha malamulo a kwawo, yolankhula Chinyanja, yokhala ndi mawu a oonerera ojambulidwa kwa anthu enieni atavomera, ingakhale yachilendo ngakhale kwa wosewera wa kunja. Ndipo msika wa chilankhulochi suthera pa Mwami. Lilongwe ili pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka, imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo olankhula Chichewa ali ku Malawi konse, ku Tete, ku Niassa, mpaka ku Johannesburg. Chenjezo n'lakuti si chilichonse cha makolo chimene chingalowe m'gemu. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi eni ake ndi zinsinsi zake, ndipo wofuna kumuika pa sikirini ayambe wakagwada kwa mafumu.

Chimene chikutsala ndi ndalama, ndipo apa m'pamene pali chilonda. Kulembetsa ngati wopanga mapulogalamu pa Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, pomwe Apple imafuna madola 99 chaka chilichonse. Google imatenga 15 peresenti pa madola miliyoni oyamba a chaka. Kuyambira kumapeto kwa 2023 imafunanso kuti wolembetsa watsopano payekha ayambe wayesetsa pulogalamu yake kwa gulu la anthu kwa masiku 14 asanaitulutse. Zonsezi wachinyamata wolimbikira angazikwanitse, ndipo oyesawo angawapeze m'kalasi mwake. Chovuta chili kumbali ya wogula. Sitolo za pa intaneti zinamangidwa poganizira munthu wa khadi la kubanki, pomwe ndalama za ku Kapata kuno ku Chipata zimayenda pa Airtel Money ndi MTN MoMo. Kudalira otsatsa malonda nako sikupindula kwenikweni, chifukwa amalipira zochepa pa woonera wa kuno poyerekeza ndi wa ku America. Pamwamba pa izo, gemu ikakoma imadumpha foni ndi foni kudzera pa Xender kapena Bluetooth, mwini wake osaonapo ngakhale ngwee.

Ena amamaliza n'kunena kuti anthu a kuno salipira magemu. Zimenezo si zoona. M'timashopu ta PlayStation ana amapereka makobiri awo kuti amenye mpira wa pa TV kwa mphindi zochepa, ena ali pamzere kudikira. Ndipo aliyense amene wakwerapo minibasi waonapo munthu atayang'anitsitsa kandege ka juga ya Aviator kakukwera pa foni. Makampani a juga anamvetsa msanga kuti munthu amalipira ngati njira yake ndi yaifupi: dinani apa, lembani nambala yachinsinsi, zatha. N'zopweteka kuti njira yosalala chonchi inakonzedwera masewera amene akudya ndalama za ufa m'mabanja, pomwe mwana wopanga gemu yabwino alibe njira yofanana nayo yolandirira makwacha asanu.

Kudumpha kwa gemu foni ndi foni kungasanduke mwayi. Gawo loyamba likhale laulere, liyende mmene lingathere, ndipo wofuna magawo otsatira atumize ndalama pang'ono pa foni n'kulandira nambala yotsegulira. Pa gemu yotengedwa pa Google Play njira imeneyi imawombana ndi malamulo a Google a kalipiridwe, koma pa gemu yogawidwa mwachindunji kapena kudzera pa itch.io, kumene wopanga amasankha yekha gawo lopita kwa eni sitolo, mpata ulipo. Ku Cape Town kampani ya Carry1st, imene inayamba mu 2018, inakula pothetsa vuto lomweli: kulola osewera a mu Africa kulipira ndi njira zimene ali nazo kale.

Tizipangizo tapadera tija nthawi yake idzafika. Mu Julaye 2018 kampani ya Nyamakop ya ku Johannesburg inatulutsa Semblance pa Nintendo Switch ndi pa kompyuta, ndipo Kiro'o Games ya ku Cameroon inaika Aurion pa Steam mu 2016. Kuno ku Zambia, Ifunga Ndana anapanga gemu yomenyana ya The SCND Genesis: Legends, kusonyeza kuti luso lilipo. Gemu ya nsolo imene yapsa bwino m'manja mwa anthu a ku Chipata ingapite kwa eni Steam Deck ndi Switch ili ndi umboni wakuti anthu amaisewera, ndipo kumeneko ingagulitsidwe pa mtengo wa madola. DrinkBox inayamba ndi Vita chifukwa inkawadziwa anthu a Vita, popeza gemu yake ya Guacamelee! inali itatuluka kale pomwepo mu 2013. Anthu amene wa ku Chipata amawadziwa ali pa foni.

Ntchito ina si ya achinyamatawa. BongoHive yakhala ikuthandiza opanga mapulogalamu ku Lusaka kuyambira 2011, koma Chipata, imene inakhala mzinda mu 2017, ikufunika malo akeake okhala ndi magetsi odalirika ndi intaneti, ngakhale chipinda chimodzi pa koleji. Unduna wa Zaumisiri ndi Sayansi, bungwe la ZICTA ndi makampani a Airtel, MTN ndi Zamtel akhale pansi apeze njira yoti wopanga gemu payekha, wopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake, azilandira makwacha awiri kapena asanu kuchokera pa foni ya wosewera mosavuta ndiponso popanda kudulidwa zambiri. Njira yotereyi anaitsegulira kale a juga, ndipo aitsegulirenso ana a ku Chipata.