Ntchito mwagawa, nanga foni ili ndi ndani?

Aliyense amene amatumiza katundu kumudzi kuchokera kuno ku Joni akudziwa kuti bizinesi imeneyi imakhala pafoni. "Achimwene, firiji yanga yafika pati?" "Mabulangete a amayi adutsa pa Mwanza?" Mafunso otere amabwera usiku, mbandakucha, ngakhale uli m'tchalitchi. Ndakhala m'ntchitoyi zaka zingapo, ndipo chimandidabwitsa n'choti anzanga amene amadandaula kwambiri kuti alibe nthawi ndi omwewo amene ali ndi anyamata atatu kapena anayi owathandiza.

Vuto lake ndi ili: timagawa ntchito yonyamula, koma mphamvu yogamula timaisunga m'thumba. Mnyamata alandira katundu, ayeza pa sikelo, amata tepi, alemba dzina. Kasitomala akangoti "tandichotsereniko R50", basi, aimbira bwana. Dalaivala apeza mzere wautali pa boda, aimbira bwana. Ndiye bwanayo wapuma pati? Wangochulukitsa anthu omuimbira.

Kwa ine malire ndinawalemba papepala n'kumata pakhoma. Nkhani ya ndalama zosapitirira R200, mnyamata agamule yekha, andiuze madzulo. Akagamula mosiyana ndi mmene ine ndikanachitira, sindimukalipira pamaso pa kasitomala, chifukwa mukatero mawa lake sagamulanso kanthu. Za msonkho wa MRA ndi mapepala a pa boda ndimagwira ndekha, ndipo ndalama iliyonse yolowa iyenera kukhala ndi lisiti. Pamenepa palibe chibale.

Foni nayo ndi ntchito, igawidwe. Ulendo wa ku Blantyre umadutsa maboda atatu: Beitbridge, kenako Nyamapanda mukapitirira Harare, kenako Zobue ndi Mwanza mukawoloka Zambezi pa Tete. Paliponse pamenepa pali wina amene mtima uli m'mwamba ndi katundu wake. Ndiye mtsikana wathu wa mu ofesi ndi amene amasunga nambala ya WhatsApp Business, ndipo galimoto ikadutsa boda amalemba uthenga umodzi kwa onse amene ali ndi katundu paulendowo. Ambiri akauwerenga saimbanso. Alipo ena amene amati "ife tikufuna bwana weniweni", makamaka akuluakulu, ndipo amenewo ndimawaimbira ndekha, koma pa nthawi imene ndaika, cha m'ma 6 koloko madzulo.

Povuta ndi pa achibale. Kulemba ntchito mwana wa achemwali n'kosavuta. Kumudzudzula ndiye nkhani, poti dzuwa lisanalowe dandaulo lafika kale kumudzi, malume akuimba. Maganizo anga ndi akuti mumutenge ngati wantchito wina aliyense: ntchito yake ilembedwe, tsiku la malipiro lidziwike, ndipo popeza lamulo la kuno limafuna kuti wogwira maola oposa 24 pamwezi alembetsedwe ku UIF, mulembetseni. Akaona kuti ndi ntchito yeniyeni, osati kungothandiza amalume, nayenso amaisamala.

Loweruka m'mawa mwana wanga amasewera mpira kusukulu kwawo. Maola awiri amenewo foni ya bizinesi sikhala ndi ine, ndipo makasitomala anauzidwa kale. Amayi ake a mwanayo akuti tiwonjezere Lamlungu lonse. Tikukambiranabe, poti Disembala ili pafupi ndipo katundu wa Khirisimasi wayamba kale kudzaza m'sitolo.